Mizere Khumi ndi Isanu

Mphenzi anali atadikira ola lathunthu pabenchi kunja kwa ofesi ya mkulu wa chipatala, kalata ili pamiyendo, pamene chitseko chinatseguka. Dzinali anamupatsa ndi anamwino, chifukwa dokotala wachitsikanayu akalowa m'fiyeta, chipinda cha opareshoni, kukatulutsa mwana, madzi a tiyi asanawire mwana amakhala atalira kale.

Changu chimenechi n'chimene chinamumanga miyendo. Atangofika zaka zitatu zapitazo ankaganiza kuti akadzipereka, mabwana adzamulola msanga kupita kusukulu. Ndiye mnzake aliyense akazemba mpeni, iye ankangoti ndipita ndine. Anzakewo anachoka mmodzimmodzi, mpeni wonse n'kutsalira iye. Chonsecho mtima wake unali pa matenda a ana. Sukulu inali itamupatsa malo kachiwiri, ndipo inanena mosapita m'mbali kuti kachitatu kulibe. Kalata yomumasula pantchito inayenera kufika Lachisanu lisanadutse.

Bwana anamulandira ndi nsangala, anafunsa za kunyumba, anamutama mpaka Mphenzi anadziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Adokotala, ng'ombe yokoka bwino ngolo saigulitsa," anatero akuseka. "Ndikakumasulani, amayi oyembekezera ndiwauze kuti adikire zaka zinayi?"

Mphenzi anawakumbutsa mwaulemu kuti chaka chatha ananenanso chimodzimodzi. Bwana sanatsutse. Anatsegula dirowa n'kutulutsa buku la dokotala watsopano, amene anabwera miyezi inayi yapitayo. Lamulo linali lakuti watsopano amaloledwa kugwira mpeni yekha akachita maopareshoni makumi awiri pamaso pa womuphunzitsa, ndipo womuphunzitsayo amasaina mzere uliwonse. M'bukumo munali mizere isanu yokha.

"Yotsalayi mukaidzaza n'kusaina, wolowa m'malo mwanu wapezeka, ndipo ine ndisaina yanu lero lomwe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Mphenzi anatuluka nalo bukulo. Kunena zoona analakalaka kusaina. Anali atatopa ndi fungo la m'fiyeta, atatopanso kuyankha achibale omwe ankafunsa kuti kodi sukulu ija ndi liti. Ndiponso si iye akanakhala woyamba kudzaza mizere ndi cholembera chokha, ndani sadziwa?

Dokotala watsopano anamupeza m'kachipinda komwera tiyi. Anali bambo wofatsa, wanzeru za m'mabuku, koma Lolemba lapitalo magazi atayamba kutuluka mwa mayi wina anangouma ngati mtengo, mpaka Mphenzi anachita kumukankha ndi chigongono. Nkhani ya bukuyo anali ataimva kale kwa bwana. Anati sakufuna kutsekereza mwayi wa munthu, zotsalazo aphunzirira momwemo.

"Sainani, achemwali," anatero maso ali pansi.

"Magazi akakana kusiya, ine kulibe, muyamba ndi chiyani?"

Anayankha bwinobwino, chilichonse m'malo mwake, ngati pamayeso. Koma poyankhapo tiyi anamutayikira pansapato. Onse awiri anaona.

Mphenzi anapsa mtima koopsa. Anakwiyira bwana, anakwiyira bamboyu chifukwa cha kufatsa kwake, koma makamaka anadzikwiyira yekha, poti msamphawu anautchera ndi manja ake omwe. Anawerengera maopareshoni amene akanatheka pofika Lachisanu. Ngakhale amayi onse a m'wodi akanagwirizana, sakanapitirira atatu.

Madzulo a tsikulo anabwezera bukulo pa tebulo la bwana momwe linalili. Bwana anatsegula, anaona, n'kupukusa mutu ngati munthu amene wapereka mphatso koma yakanidwa. Anati chaka chamawa aonanso. Mphenzi sanavutike n'kuwakumbutsa zimene sukulu inanena.

Lachisanu masana kunabwera mayi amene mwana wake anagona mopingasa m'mimba. Namwino atapereka mpeni kwa Mphenzi monga mwa masiku onse, iye anauloza kwa dokotala watsopano uja. Anaima mbali inayo, manja atapinda, akumuuza pang'onopang'ono podula ndi pogwira. Ntchito ya mphindi makumi awiri inatenga ola ndi theka, anamwino mpaka anayamba kusinthasintha miyendo. Mwana analira, mayi anali bwino.

Atavula magolovesi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Maofesi a kusukulu anali atatseka. Anapempha bukulo, n'kusaina mzere wachisanu ndi chimodzi.