Firiji ya a Grain

Mayi Zipora atatsegula firiji m'mawa uja, anapeza majarini atasungunuka ngati mafuta ophikira. Anakhudza botolo la madzi, linali lofunda. Pachitseko panali timabotolo ta mankhwala a shuga amene amuna awo, a Grain, ankadzibaya tsiku ndi tsiku, ndipo anamwino anachita kunenetsa kuti mankhwalawo asamatenthedwe. Unali mwezi wa Okutobala, Kawale yense ali ng'anjo.

A Grain anatulukira atavala vesiti, nati mwina magetsi ndiwo achepa mphamvu. Koma getsi la mkati linkayaka bwinobwino. Anapotokola kabatani mpaka pamapeto, kenaka anapanitsa pepala pachitseko n'kulikoka kuti aone ngati labala akugwira. Pepala linangosololoka. Anasuntha firijiyo pakhoma, mayi n'kusesa fumbi ndi akangaude kumbuyo kwake. Injini inkalira pang'ono, n'kutsokomola, n'kukhala chete.

"Yakalamba ngati mwini wake," anatero mayi Zipora.

"Mwini wake akuyendabe, Nangozo," anayankha a Grain, akuisisita pamwamba.

Firijiyo anaigula akadali dalaivala, chaka chimene mwana wawo Godwin anabadwa. Inabwera pa lole, mzere wonse wa nyumba utatuluka kudzaonerera, pakuti inali yoyamba kuderako. Masiku amenewo chitseko chawo sichinkatsekedwa. Uyu adzasungitse ndiwo, uyu adzapemphe madzi ozizira a alendo, ana n'kumalimbirana tizibenthu ta ayisi pakhonde. Koma tsopano pafupifupi aliyense anali ndi yake, mipanda ya njerwa inali itakwera, ndipo anthu ankangopatsana moni pageti.

Masana anaitanitsa Ezekiel, wokonza mafiriji wa ku Biwi. Iye anagwada kumbuyo, anamvetsera, anakhudzakhudza timapaipi. Anati labala n'ngosinthika, gasi n'ngothirika, koma injini ndiyo yapsa, ndipo ya mtundu umenewo sikupezekanso ngakhale kumsika waukulu m'tauni. A Grain anamuchonderera kuti ayeseko basi.

"Madala, ndikunamizeni chifukwa chiyani?" anatero Ezekiel. "Fupa lokakamiza limaswa mphika. Iyi yagwira ntchito yake."

Godwin, amene ankagwira ntchito ku Blantyre, analonjeza pafoni kuti adzabweretsa yatsopano pa Khirisimasi. Koma mankhwala sakanadikira Khirisimasi. Mayi Zipora anawakulunga m'kansalu konyowa, napita kwa mayi Hanifa, a nyumba ya kuseri. Pageti anaima kaye ndi manyazi, atakumbukira kuti chaka chinali chitatha asanapondemo. Atalowa anayamba kufotokoza mozungulira, koma mayi Hanifa anawadula, n'kulanda kansalu kaja.

"Inu mukuchita kupempha? Mbuzi yathu ya Idi inkagona kuti zaka zonse zija? Amuna anu mpaka ankakuchotserani nyama yanu ya nkhumba kuti yathu ilowe."

Anaseka onse awiri mpaka misozi, nakhala pamkeka kukumbutsana za anzawo amene anasamukira ku Area 25 ndi ena amene anatsogola.

Kuyambira tsiku limenelo a Grain ankazungulira mpanda m'mawa uliwonse kukadzibaya. Poyamba ankapita akung'ung'udza, ati munthu wamkulu sagogoda pakhomo pa eni tambala akangolira. Ankabwerako tiyi asanazizire. Koma pakhonde paja pankakhala che Ayman, amuna a mayi Hanifa, telala amene maso anali atayamba kumuvuta. Tsiku lina che Ayman anatulutsa bawo lakale pansi pa mashini, n'kulipukuta fumbi, n'kufunsa ngati a Grain akukumbukirabe mmene ankagonjera kale. Tiyi anayamba kuzizira. Kenaka mayi Zipora anangosiya kuwatsirira.

Firiji yakufayo a Grain anakana kuti Ezekiel akaiphwasule. Inatsala pomwepo, mayi n'kumasungamo ufa ndi mbale za alendo.

Disembala atayamba, Godwin anaimba foni dzuwa lili pamutu kuti afunse bambo ake mtundu wa firiji imene akufuna. Mayi ake anamuuza kuti kulibe, apita kukabaya jakisoni.

"Mpaka masana ano? Kodi akudwala?"

Mayi Zipora anatchera khutu. Kuseri kwa mpanda kunkamveka kugogoda kwa njere za bawo, ndi mawu a amuna awo akuseka mwachinyamata, kuseka kumene anali atakuiwala.

"Ali bwino kuposa kale," anatero. "Firijiyo usathamange nayo, mwanangu. Yamba wagulira ana ako mayunifolomu."