Kabichi wa pa Chiwaya cha Blasius

"Anganga, msewu sindikuuona bwino."

Twalibu ananena mawu amenewa motsitsa kuti anthu akumbuyo asamve. Ine ndinali pampando wakutsogolo, dengu la makumba ouma a ku nyanja ya Chiuta lili pamiyendo, ulendo wa kwa mng'ono wanga ku Utale. Tinali titangowoloka Shire pa Liwonde, dzuwa lili paliwombo. Nditamucheukira ndinaona thukuta likutsikira m'khosi, maso akuphethira ngati munthu wolowedwa utsi.

"Ima," ndinatero. "Ima pomwe pano, iwe!"

Anaimika minibasi m'mbali, matayala awiri ali m'udzu. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti achedwa ku msika. Mdzukulu wanga anangogoneka mutu pachiwongolero, mimba yake itapanikizika pamenepo. Mimba imeneyo ndi imene ndinkainyadira pamaso pa amayi anzanga kwathu kwa Kawinga: onani wathu, akudya bwino.

Ine ndine munthu wamantha, sindibisa. Sukulu sindinaiponde, koma maliro ndawaona ambiri, ndipo maliro amaphunzitsa. Mwana wanga Lukiya, mayi wake wa Twalibu, anapita ku Ntaja kukagulitsa nsomba chaka china cha kolera. Njala itamupweteka anadya pamsika, mbale ya tchipisi yokhala ndi kabichi wosaphika pambali, n'kumwera madzi a m'chidebe. Usiku anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lachiwiri anali atapita. Anamukulunga m'pepala la pulasitiki, ndipo ife amayi ake sitinaloledwe ngakhale kumusambitsa monga chipembedzo chathu chimanenera. Ndinangoima patali, Twalibu wa zaka zisanu ndi chimodzi atagwira chitenje changa.

Kuchokera tsiku limenelo mwanayo ndinamulera ndi machenjezo. Usasambe mumtsinje. Usakhale pansi pa mtengo mvula ikugwa. Koma lalikulu, limene ndinkamubwerezera m'mawa uliwonse atayamba ntchito ya pamsewu, linali ili: "Panjira usadye chosaphika. Idya chokhacho chimene chatuluka m'mafuta owira iwe ukuona, chifukwa mafuta amapha zonse. Madzi a eni ake usamwe. Imwa cha m'botolo, chija chimati psii potsekula."

Ana a anthu ena machenjezo amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Wanga anamvera.

Dalaivala mnzake anatenga anthu aja, ife tinakafika kuchipatala ku Balaka pa njinga zamoto. Namwino, mayi wamfupi amene anati dzina lake ndi Chrissie, anamumanga lamba pamkono, n'kumubaya chala. Anayang'ana kamakina kake, anayang'ana Twalibu, n'kuyang'ananso kamakinako.

"Bambo, mwayendetsa galimoto muli chonchi? Shuga wakwera kwambiri, magazinso akuthamanga. Mumadya chiyani pa tsiku?"

"Zomwe timadya tonse pa siteji," Twalibu anayankha. "M'mawa mandasi anayi ndi botolo la chozizira. Masana tchipisi ndi nyama ya mbuzi yokazinga, ndi botolo. Ludzu likavuta, botolo lina."

"Madzi?"

"Kunyumba."

"Tchipisicho amakuthirirani supu?"

Twalibu anamwetulira mwamanyazi. Supu wa pa chiwaya si supu ayi. Ndi mafuta omwe akukazingirawo, amene wogulitsa amatunga n'kuthira pamwamba pa mbale ya kasitomala amene amamukonda.

"Zipande ziwiri," anatero.

"Nanga kabichi uja amaika pambali, ndi tomato?"

"Ameneyo ayi. Sindinamulaweko chibadwire." Anandiyang'ana mwaulemu, ngati mwana amene akufuna kuyamikiridwa. "Anganga anandiletsa."

Mayi Chrissie sanandikalipire. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Anangoti mankhwala amupatsa, koma mankhwala okha sangathe ngati m'kamwa mukulowa zomwezo. Mafuta achepe, mchere uchepe, mabotolo aja asiyiretu. Adye zootcha, adye masamba, amwe madzi otetezedwa. "Apo ayi, agogo, maso awa adzazima, ndipo chiwongolero adzachisiya. Mwinanso zoposa pamenepo."

Ndinalandira kabuku ka kuchipatala n'kukamanga m'chitenje. Zolembedwamo sindikanatha kuwerenga, koma ndinkadziwa kuti m'menemo muli mawu anga.

Anapuma masabata atatu, mkazi wake akumuphikira therere ndi nkhwani. Maso anayera. Koma minibasi ndi ya mwini wake, siidikira munthu. Tinayesa kumumangira chakudya m'kabakuli. Pofika masana, m'kutentha kwa ku Balaka kuja, chinali chitasasa. Tsiku lachinayi anabwera madzulo malaya akununkha mafuta.

"Ndidye chiyani nanga, Anganga? Pa siteji palibe mkazi wanga. Pali Blasius."

M'mawa mwake ndinawiritsa madzi, n'kudonthezamo mankhwala oyeretsera madzi aja amatipatsa a zaumoyo, n'kudzaza chigubu. Ndinakwera kutsogolo kwa minibasi popanda kupempha.

Blasius ndinamupeza pansi pa kachisakasa ka malata, mwamuna wamtali wovala epuloni imene kale inali yoyera. Chiwaya chake chinali chachitsulo chachikulu, pakati pokumbika pomwe mafuta amawira, m'mbali mwake mwaunjikidwa tchipisi ndi nyama. Ndinaima chapatali n'kuyamba kuwerenga ntchentche.

"Che Twali!" anafuula. "Tinamva kuti mwafa, tinayamba kale kulira. Amene mwabwera nawowa ndi apolisi?"

"Ndi anganga anga."

"Eee, agogo aja oletsa kabichi? Takulandirani, mayi. Zaka khumi ndi ziwiri mdzukulu wanuyu akundibwezera kabichi wanga. Mbuzi za pano zanenepa chifukwa cha inu."

Madalaivala amene anaima mozungulira chiwayacho anaseka. Ine sindinaseke. Blasius anatenga mbale, anadzaza tchipisi mpaka phiri, n'kumiza chipande m'mafuta. Dzanja lake ndinaligwira lili m'malere.

"Iyayi, bambo. Bwezerani momwemo."

"Agogo, supu ndi ulemu. Kasitomala wanga wamkulu ndimupatse chouma ngati mlendo?"

"Ulemu wanuwo wamufikitsa kuchipatala. Ine ndi inu tamudwalitsa mwana ameneyu, inu ndi chipande, ine ndi pakamwa."

Kuseka kuja kunatha. Blasius anatsitsa chipande pang'onopang'ono. Anayang'ana Twalibu kuyambira kumutu mpaka kumimba, kenako anapukuta manja paepuloni.

"Shuga?" anafunsa motsitsa. "Malume anga ku Phalombe anawadula mwendo." Anatembenukira kwa ine. "Nenani, mayi. Ndichite chiyani?"

Ndinamuuza zimene namwino ananena, momwe ndinazisungira m'mutu. Blasius anabweza tchipisi chambiri, n'kusiya chodzaza dzanja limodzi chimene chinakhala m'mphepete mwa chiwaya mafuta atatsika. Nyama anasankha yopanda mafuta, imene anati inazingidwa ndi shehe m'mawa womwewo, n'kuiika pa waya pamwamba pa makala m'malo moiponya m'chiwaya. Mchere anangotsina. Mayi wina wogulitsa pafupi anabweretsa chimanga chootcha. Dalaivala wina anati, "Che Twali alowa Ramadani isanakwane," ndipo Twalibu anamuyankha kuti iyeyo adikire, mimba yake ikubwera pambuyo pomwepa.

Kenako Blasius anatambasulira dzanja ku beseni la kabichi.

Beseni lake linali la buluu, lofanana ndi mabeseni onse a m'misika, ndipo ine ndinaona Lukiya ataima pa Ntaja, dengu la nsomba lili pamutu.

"Ameneyo ayi," ndinatero. "Muli naye wosadula?"

Anatulutsa mutu wathunthu pansi pa tebulo. Ndinasenda masamba akunja n'kutaya. Ndinasamba m'manja ndi sopo amene ndinabwera naye, Blasius ndinamusambitsanso m'manja, mpeni wake ndi thabwa lake zomwe. Kabichi ndi tomato ndinatsuka ndi madzi a m'chigubu changa katatu, anthu akuonerera ngati kwabwera sewero. Blasius anadula bwinobwino, anafinyira ndimu, n'kuunjika theka la mbale.

"Chigubuchi chizikhala pano," ndinamuuza. "Twalibu azibwera nacho chodzaza m'mawa uliwonse. Chotsukira ndi chomwecho, chakumwa ndi chomwecho. Ndikadzamva kuti mwatunga pena..."

"Mudzandimanga, ndamva, bwana."

Twalibu analandira mbale. Anati bisimila, anadya nyama, anadya tchipisi chija, anakukuta chimanga. Kenako ndinaona chala chake chikuchita zimene chinazolowera: chinakankhira kabichi kumphepete kwa mbale, kutali ndi zinazo, kuti asakhudzane.

"Idya," ndinatero.

Anapukusa mutu osandiyang'ana. Bambo wa ana awiri, ndevu zili pachibwano, koma nkhope imene ndinaiona inali ya mwana uja anagwira chitenje changa kunja kwa tenti ya odwala kolera.

"Munati amayi anapita ndi chimenechi, Anganga."

"Ndinatero."

"Ndiye lero chasintha n'chiyani?"

Ndinafuna kumuuza kuti amayi ake anapita ndi madzi oipa, osati ndi masamba. Namwino anali atandifotokozera, ndipo mutu wanga unamva. Koma mawu anga ndi amene anamufikitsa apa, ndipo sindinawakhulupirirenso kuti angamubweze. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinali ndisanaikepo m'kamwa kanthu ka pamsika kosapsa ndi moto, ngakhale mfundo imodzi ya nzimbe.

Ndinatambasula dzanja. Nditatapa kabichi uja, tizidutswa tina tinagwera pansi, nkhuku ya pa siteji n'kutitola. Totsalato ndinaika m'kamwa. Kabichi anali wozizira, wowawasa ndimu, ndipo ankalira m'mano anga ochepawa moti ndinkaganiza kuti siteji yonse ikumva. Ndinatafuna maso ali pa Twalibu. Ndinameza. Ndinatapanso kachiwiri.

Blasius anali ataima ndi chipande chopanda kanthu m'manja, mafuta akuwira okha kumbuyo kwake.

"Anganga," Twalibu anatero, "mundithera ndiwo."

Anakokera mbale kwa iye, ndipo chala chija chinabweza kabichi pakati.