Sipika ya mu Mtsuko wa Atsibweni

Ine ndine Asumani, ndimakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina pa Mbulumbuzi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Sikuti mutu unakana ayi, koma ine ndi aphunzitsi tinaona kuti mmodzi ayenera kuchoka, ndipo iwo anali atadzala kale chinangwa kuseri kwa nyumba ya sukulu. Komabe manambala a kumbuyo kwa wailesi ndimawawerenga kuposa anthu ovala tayi.

Chaka cha 1998, nandolo atayamba maluwa, mnzanga Kalinde anabwera kuchokera ku Joni ndi masipika awiri ofika m'chiuno. Kalinde anali mkamwini cha ku Magomero. Anakwatira Selestina, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ankalima munda wa eni ake ndi kufunsidwa maganizo nkhani itatha kale. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: chitengwa. Atenge mkazi wake ndi ana akakhale kwawo ku Mikolongwe, kumene anali ataotcha kale njerwa. Wovomereza zimenezi anali a Mikaele, atsibweni ake a Selestina, eni mbumba. Iwo anati adzayankha chikadzatha chinkhoswe cha mng'ono wake wa Selestina.

"Mukadzatisangalatsa tsiku limenelo, akamwini, tidzaona," anatero.

Ndiye Kalinde anadziguguda pachifuwa kuti zoimba zonse ndi zake.

Anafika nawo masipikawo pakhonde langa atawamanga panjinga ngati mbuzi za pamsika.

"Che Asumani, taonani ana anga awa. Ndikufuna chowaimbitsa."

Ndinatembenuza imodzi. Kumbuyo kunalembedwa ma omu 4.

"Ana anuwa ndi osusuka, achimwene."

"Osusuka bwanji? Awa ndi a ku Joni."

"Kusamba kwa ku Joni sikuchotsa dyera. Mwaiona nambala iyi? Ikamachepa, mimba ndiye ikukula. Sipika ya 8 imayamwa mwaulemu. Ya 4 imayamwa ngati thole logona ndi njala. Imafuna make wamphamvu, apo ayi imamuyamwa mpaka kumugwetsa."

Ndinakoka pansi pa tebulo langa ampulifaya yakuda imene ndinaipeza kwa anyamata ena oimba a ku Ndirande gulu lawo litatha chifukwa cholimbirana mtsikana. Inali yolemera ngati mwala wa mphero, ya nthiti zachitsulo mbali zonse, batani limodzi, nyali ng'o.

"Ng'ombe yake ndi iyi," ndinatero. "Siidziwa nkhani za m'dziko, kaseti siimeza, mumachita kuilumikizira kakaseti pambali. Ntchito yake ndi kuyamwitsa basi. Thole limodzi bere ili, lina bere ili, tsiku lonse osatopa."

Kalinde anaiyang'ana ngati ndamuonetsa chilonda.

"Imeneyi ndi mbaula kapena? Che Asumani, mukufuna ndikafike kwa apongozi nditasenza bokosi la maliro a mphaka?"

"Anthu amavina ndi makutu, achimwene."

"Kwa akazi anga amavina ndi maso. Inu simuwadziwa."

Apo ndiye ananena zoona, sindinatsutse.

Mawa lake anakwera minibasi wa ku Limbe, madzulo n'kutsika ndi katoni. M'katimo munali chiwailesi cha zonse m'mimba imodzi: wailesi momwemo, makaseti awiri momwemo, ampulifaya momwemo. Kutsogolo kunali nyali zofiira ndi zobiriwira zokwera ndi kutsika, ndi chipepala chonyezimira cholembedwa mawati 3000.

"Wogulitsa wanena kuti chikamalira ku Limbe, ku Zomba amatseka mawindo," anatero Kalinde.

"Wogulitsayo adzabwera ku chinkhoswe?"

Ndinachitembenuza, chifukwa ine chinthu ndimayamba kuchiona kumbuyo. Panalembedwa timalemba tating'ono ngati nyerere: ma omu 8 mpaka 16, pomwe ana a Kalinde aja anali a 4.

"Ng'ombe yokongola ndithu," ndinatero, "koma mkaka wake ndi wa tiyi wa munthu mmodzi. Poti mwagula kale, mverani. Muiike pamthunzi. Batani la mawu lisapitirire theka. Ndipo musawonjezerepo sipika ina, ngakhale ya mu wotchi."

"Nsanje, che Asumani, nsanje."

Tsiku la chinkhoswe ndinaika mbaula yanga ija m'thumba la feteleza pamodzi ndi kakaseti, n'kumanga panjinga. Sikuti ndinkamufunira mnzanga tsoka. Ndimangodziwa kuti munthu amene wakuuza kuti uli ndi nsanje amadzakufuna dzuwa lisanapendeke.

Ndinapeza atabwereka jenereta kwa mwini kanema, masipika ataimikidwa pansi pa mtengo wa mango, chiwailesi chili patebulo loyalidwa nsalu yoluka. Amayi achikulire anali atazungulira kale, akuonera nyali ngati kanema waulere.

Tsopano mumve za mudzi umenewo. Kumeneko pakakhala zochitika, nyumba iliyonse imabweretsa kake: uyu nkhuni, uyu ufa, uyu mpando. Kukana cha munthu ndiye kuti wamuchotsa pa ubale. Ndipo nyumba iliyonse inali ndi sipika ya wailesi imene inafa kalekale, yosungidwa kudenga podikira tsiku la chiukitso.

Oyamba anali a Mikaele eni ake. Anatulukira atakumbatira mtsuko, kukamwa kwake atamatako sipika ndi phula. Sipika imeneyo ndinkaidziwa. Anabwera nayo kwa ine chaka cha riferendamu, ndinawauza kuti ndi yong'ambika, akaipatse nkhuku ziikiremo.

"Akamwini, lumikizani iyi nayonso ilire."

Kalinde anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mango, ngakhale sinali nyengo yake. Anagwada, analandira ndi manja awiri, n'kupotokola mawaya pamodzi ndi a masipika ake.

Kenaka apongozi ake aakazi anabwera ndi yawo, anaiika pansi patali n'kubwerera chammbuyo. Mkamwini sayankhulana ndi apongozi aakazi maso ndi maso, ndiye akanakana bwanji? Kukana kumafuna pakamwa. Anatola, analumikiza. Azakhali ena anabwera ndi ya m'chitini cha mafuta. Mlamu wake anabwera ndi ya m'galimoto imene inagwera pamlatho. Pofika nthawi yoyamba, wina atawonjezeranso yake, matholewo anali asanu ndi awiri, ena atapachikidwa m'mitengo, mawaya onse atamangidwa mtolo umodzi kumbuyo kwa ng'ombe ya tiyi ija.

Kwasakwasa anayamba. Nyali zinavina, amayi analulutira. Mtsuko wa a Mikaele unkalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo.

"Onjezerani moto, akamwini!" anakuwa mlamu wa Kalinde uja. "Akuchimuna amve ali kumsewu!"

Kalinde anapotoza batani kufika theka. Anandiyang'ananso. Anapitiriza.

Ine fungo ndinalimva akuchimuna akukhala pamipando, fungo lija la tayala likamapsa kutali. Ankhoswe anaimirira pakati pa bwalo, wakuchimuna atanyamula tambala, wakuchikazi atanyamula msoti, kuti asinthane anthu akuona. Wolengeza anati nyimbo ikwere. Chiwailesi chinangoti phu! Utsi woyera unatuluka kumbuyo, n'kukwera mumtengo mwaulemu. Bwalo lonse zii. Amene anaimba ndi tambala yekha.

"Zoimba za ku Joni ndi zimenezi?" anafunsa mayi wina wa kuchimuna, mokweza kuti pasapezeke wophonya. "Kwathu utsi wotere timaotchera njerwa."

A Mikaele anangovula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake.

Kalinde anandikokera kuseri kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu.

"Che Asumani, ndafa ine. Njerwa zanga zimera bowa."

"Nsanje, achimwene, nsanje."

"Musandiseke lero, mudzandiseke mawa tsiku lonse."

Ndinamasula thumba la feteleza.

"Bokosi la mphaka lija ndi ili. Koma mumve: matholewa ndi awiri okha. Ngakhale iyi, mukaipatsa asanu ndi awiri, igwada."

"Ndiye ndikawauze atsibweni kuti mtsuko wawo uchoke? Anthu onsewa akuona? Bola mungondikwirira pompano."

Ndinamumvera chisoni, ndipo chisoni changa ndi chimene chinamupha. Ndinati asiye zonse pamene zili. Ndinalowa pansi pa tebulo ngati ndikufuna fyuzi, ndinamasula mawaya a abale onse asanu, n'kuwamangirira bwinobwino ku mwendo wa tebulo, nsalu yoluka ija n'kuphimba. Mbaula yanga ndinaibisa komweko, masipika a ku Joni lina bere ili, lina bere ili. Mtsuko wa a Mikaele ndinaunyamula ndekha n'kuukhazika pamwamba pa sipika yaikulu, kuti ukhale pamalo a ulemu.

Nditadina batani, abale anga, nthaka inayankha. Ng'oma yake inkagunda m'chifuwa, osati m'makutu. Msoti unapulumuka m'manja mwa nkhoswe. Mayi wa njerwa uja ndi amene anayamba kulowa m'bwalo, chitenje atamangira m'chiuno, manyazi atasiya pampando. Fumbi linakwera mpaka masamba a mango anasanduka ofiira. Palibe anafunsa za nyali.

Mtsuko uja, poti unakhala pamwamba pa chilombo, unkanjenjemera wokha. A Mikaele anafika, anaugwira ndi chikhato, maso n'kutuzuka.

"Mwaumva? Wanga uwu! Ntchentche ija yatuluka!"

Anaitana azibambo anzawo mmodzimmodzi kuti adzagwire. Azakhali aja anaima pansi pa chitini chawo n'kulumbira kuti mawu a gitala akuchokera m'menemo. Ine ndinavomereza. Ndine mlendo, ndingatsutse bwanji?

Dzuwa litapendeka, akuchimuna atatsazika akutsimphina, a Mikaele anaitanitsa mkeka pakhonde. Anakhala iwo, Selestina, Kalinde chapatali pang'ono monga mwa malo ake, ndi ine amene ndinkachedwa dala kukulunga mawaya.

"Akamwini," anayamba a Mikaele, "tinkakuyesani munthu wamba. Tikhululukireni. Mtsuko uwu anaukana akatswiri." Apa anandiyang'ana ine. "Ena anati tiikiremo nkhuku. Koma m'manja mwanu waimba mpaka akuchimuna a ku Namadzi apita akukamba."

Kalinde anawomba m'manja, mano onse pamtunda. Ndinaona m'maso mwake akufolera kale nyumba ku Mikolongwe.

"Ndiye taganiza," anapitiriza a Mikaele. "Munthu wotere kumutaya ku Mikolongwe, ndiye kuti mbumba ino ilibe mutu. Tili ndi atsikana anayi osakwatiwa. Zinkhoswe zawo adzaimba ndani? Za chitengwa tidzakambirana akadzakwatiwa womaliza."

Womalizayo anali kumsana kwa make, akuyamwa chala.

Selestina anali atakweza kale nsalu ya patebulo pofuna kuikutumula, ndipo anaona zimene zinali ku mwendo. Anasendera kwa mwamuna wake n'kunong'ona, koma makutu anga anazolowera mawailesi ofooka.

"Bambo a Ruth, auzeni. Waya wawo uli ku mwendo wa tebulo. Auzeni tizipita."

Kalinde anayang'ana tebulo. Anayang'ana a Mikaele, amene anali atakhazika mtsuko pamiyendo akuusisita ngati mdzukulu. Anatsegula pakamwa, ine mpaka ndinasiya kukulunga.

"Zikomo kwambiri, bambo," anatero, n'kuwombanso m'manja.

Selestina anaimirira, anakutumula nsalu ija pafupi ndi nkhope yake, n'kulowa m'nyumba.

Mbaula ija tinasinthana ndi chiwailesi chakufacho, ndipo mpaka lero Kalinde ndi amene amaimba zinkhoswe za kumeneko. Masipika a abale afika khumi ndi awiri, tebulo linachita kufuna mwendo wachisanu. Chiwailesi chili pakhonde langa pa Mbulumbuzi. Nyali zake zimayakabe, anthu amaima n'kumachiyamikira, koma mawu chilibe. Kalinde akamadutsa ndimamuitana kuti adzapereke moni kwa mbale wake.