Kamtengo ka M'kabati

Lole inali itadzaza kale, dalaivala akumanga chingwe chomaliza, pamene amayi anatuluka m'nyumba atakumbatira chitini cha penti.

"Ichi ndikhala nacho kutsogolo," anatero.

Mwana wawo, kalipentala amene anzake ankamutcha Chabwino chifukwa sankadziwa kukana munthu, anasuzumira m'chitinicho. M'chitinimo munali kamtengo ka malalanje kofika m'bondo. Malemu bambo ake ndiwo anakamezanitsa asanagonekedwe m'chipatala. Anadula kanthambi ka mtengo wawo waukulu wa kuseri kwa nyumba, n'kukalumikiza pa tsinde la ndimu, n'kumanga polumikizapo ndi mphira wa chubu cha njinga. Mtengo waukuluwo anadzaudula a zaulimi, pamodzi ndi mitengo ina yambiri m'deralo, chifukwa cha matenda osandutsa masamba achikasu ndi kugwetsa zipatso zisanapse. Ndiye chotsala cha manja a bambowo chinali kamtengo kameneka basi.

Aneba, amene anabwera kudzathandiza kukulunga mbale, anapukuta manja n'kuyandikira.

"Amzanga, pajatu pa wailesi akunena tsiku ndi tsiku kuti mbande za malalanje ndi mandimu sizikudutsa pachipata chija cha pamsewu waukulu. Bwanji mundisiyire? Ndizikathirira ngati kanga. Mukamabwera kudzationa, muzidzakaona."

Amayi anatembenukira kwa mwana wawo. "Eti iwe, n'zoona zimenezi?"

Chabwino ankadziwa kuti zinali zoona. M'mawa womwewo mkazi wake, amene anali ndi munda wa malalanje kuseri kwa nyumba yawo, anali atamuimbira foni. "Amayi abwere, chipinda ndakonza. Koma kamtengo kaja kasabwere kuno, mwamva? Ana akuphunzira ndi malalanje amenewa." Iye anayankha mwa chizolowezi chake. Koma tsopano amayi ake anali kumuyang'ana m'maso, munthu amene ankasiya nyumba, anzake ndi manda a mwamuna wake tsiku limodzi.

"Lamulolo n'la ogulitsa mbande, amayi," anatero akuyang'ana matayala a lole. "Kamodzi kokha alibe nako ntchito. Kungoti kutsogoloku kathyoka. Bweretsani ndikaike m'kabati ya zovala, mukhala bwino."

"Mwamvatu aneba," anatero amayi, nkhope ikuwala. "Mwana wanga amadziwa zinthu."

Aneba anangotukula mapewa n'kubwerera ku mbale zawo.

Chabwino anakwera kumbuyo kwa lole, anaimika chitini pakona ya kabati, n'kuchiphimba ndi mabulangete ndi majekete a malemu bambo ake. Za mkazi wake anaganiza kuti aziona akafika. Dalaivala, mkulu wa mimba yake amene pakamwa sipankauma, anamudikira atsike n'kumunong'oneza.

"Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa. Ine sindinaone kanthu, mwamva? Lole yanga ndanyamula mipando."

Anafika pachipata dzuwa lili paliwombo. Mzere unali wautali moti mapeto ake sankaoneka: mabasi, malole, timagalimoto ta anthu, zonse zitazimitsa injini. Anthu a yunifolomu ankazungulira galimoto iliyonse, akubaya matumba ndi ndodo, akusuzumira pansi pa mipando. Pambali pa msewu panali dzenje lalikulu limene linkafuka utsi wonunkha masamba aawisi. Bambo wina ankakalipa chapafupi, akuloza timachubu ta mbande zake timene ankatiponya m'motomo kamodzikamodzi.

M'galimoto munatentha ngati mu uvuni. Amayi anadzikupiza ndi mpango mpaka anatopa.

"Tanditsegulira ndikatunge madzi pampopi uko," anatero, n'kutsika ndi botolo lawo.

Atangochoka, kunabwera mayi wa yunifolomu, wovala chipewa chachikulu, mawu atasasa ndi kufunsa funso limodzimodzi kuyambira m'mawa.

"Mwanyamula mbande, nthambi, masamba kapena zipatso za malalanje ndi mandimu?"

"Ayi," anatero Chabwino. "Katundu wa m'nyumba basi. Tikusamutsa amayi."

Mayiyo anazungulira lole, anagogoda matilesi ndi ndodo, anayang'ana mipando ndi mapoto. "Chabwino. Basi ili patsogoloyo ikachoka, mupite."

Chabwino anapuma mpweya wautali n'kutsamira mpando. Dalaivala analiza injini. Kenako Chabwino anayang'ana pa kalilole wa m'mbali. Amayi ake anali ataima kumbuyo kwa lole, botolo lodzaza m'manja, akugwira mayi wa yunifolomu uja pamkono mwaulemu.

Chabwino anatsika mothamanga, koma mawu anali atatuluka kale.

"Mwana wanga, tandithandizako kukwera apa. Kamtengo kanga kali m'kabatimu, dzuwa lonseli kafa ndi ludzu."

Mayi wa yunifolomu anakweza chipewa pang'ono. Anayang'ana amayiwo, kenako Chabwino. "Bambo, tsegulani kabati."

Chitini chinatsitsidwa n'kuikidwa pamsewu, masamba atalefuka ndi kutentha, jekete la malemu litagwera pambali. Magalimoto a kumbuyo anayamba kuliza mabelu.

"Si inu mwandiuza pompano kuti mulibe kanthu?"

"Achemwali, tamverani. Kamodzi kokha aka. Taonani masamba ake, obiriwira bwinobwino. Pali matenda apa?"

"Matendawa sayenda ndi belu, bambo. Amabisala mumtengo miyezi, mtengo ukuoneka wosalala. Tizilombo tikaluma apa, mawa taluma wa aneba anu. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

"Ndiye tizilomboto timaima pachipata panu pano?" Chabwino anakweza mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Mphepo mumaifunsanso chimene yanyamula? Mukungozunza anthu osauka!"

"Mphepo sinditha kuiimitsa. Inu ndiye nditha." Mayiyo sanakwiye, anangooneka wotopa. "Mukuyesa ine ndimasangalala? Chiyambire m'mawa ndatukwanidwa ine, amayi anga, mpaka agogo anga amene sanaonepo msewu uno."

Amayi anali chiimire, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wafika pamlandu mochedwa.

"Pepa mwana wanga," anatero kwa wa yunifolomuyo. "Ife sitigulitsa. Lamulolo paja n'la ogulitsa?"

"N'la aliyense, amayi. Ngakhale tsamba limodzi. Anakuuzani zimenezo ndani?"

Amayi anangotembenuzira mutu kwa mwana wawo pang'onopang'ono. Chabwino analakalaka pansi patang'ambika.

"Ndiye tibwerera nako," iye anatero mofulumira. "Tikasiye kwa aneba. Adalaivala, titembenuke."

"Mukanandiuza zoona nditakufunsani, ndikanakulolani kubwerera nako," anatero mayi wa yunifolomu. "Ambiri atembenuka lero. Koma chobisa sichibwerera. Wobisa masana amabweranso ndi njira ya kutchire. Chobisa chimapita m'dzenje."

"Achemwali, chonde. Bambo anga anamwalira. Kamtengoka ndi iwo anamezanitsa ndi manja awo."

Mayiyo anayang'ana mphira wa chubu uja, womangidwa mosamala, mfundo yake ili pansi. Kenako anafunsa mofatsa, "Kumene mukupitako kuli malalanje?"

"Mpongozi wanga ali ndi munda wonse," anayankha amayi. Atanena mawuwo anaima, ngati awamva okha koyamba. "Iwe, mkazi wako akudziwa kuti tanyamula?"

Chabwino anakanda m'mutu.

"Ndikufunsa iwe. Anakuuza chiyani?"

"Anati kasabwere."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Anati chabwino," anayankhira dalaivala ali pawindo. Palibe amene anaseka, ndipo mkuluyo anabweza mutu wake m'galimoto.

Amayi anagwada pamsewu wotenthawo. Anatsegula botolo n'kuthira madzi onse m'chitini, pang'onopang'ono, mozungulira tsinde monga ankachitira m'mawa uliwonse. Kenako anayamba kumasula mphira uja. Mfundo inavuta, koma palibe amene analimba mtima kuwathandiza. Mphira utachoka, polumikiza paja panaoneka. Panali patapola bwinobwino, khungwa la lalanje ndi la ndimu zitagwirana ngati mtengo umodzi.

"Kanagwira," anatero chapansipansi. "Bambo ako ankada nkhawa kuti sikagwira."

Chabwino anawerama kuti anyamule chitini. "Amayi, bweretsani ndikaponye ine."

"Chotsa manja ako."

Anaimirira okha, anapinda mphira n'kuuika m'thumba la juzi, n'kunyamula chitini. Mayi wa yunifolomu anayenda nawo mpaka padzenje, akuwatchinjiriza ku magalimoto ndi ndodo yake. Chabwino anaona ali patali amayi ake akugwira kamtengo patsinde, kukazula ndi dothi lake lonyowa, n'kukaika pamoto mosaponya, ngati akugoneka chinthu. Utsi woyera unakwera. Chitini anafuna kubwerera nacho, koma wa yunifolomu anapukusa mutu, akuloza dothi lotsalira m'katimo. Anachisiya pomwepo.

Lole inadutsa chipata. Mbali inayo ya msewu kunali minda ya malalanje yobiriwira, mizere yake ikutsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo Chabwino sanafune n'komwe kuiyang'ana. Dalaivala anayatsa wailesi, n'kuizimitsanso. Foni inalira m'thumba mwa Chabwino. Anadziwa kuti ndi mkazi wake akufunsa ngati adutsa bwino, koma anaisiya ilire mpaka inatopa.

"Amayi," anayamba atayenda mtunda ndithu, "ndidzakugulirani kena. Kwathu kuli mbande zabwino. Ndinangofuna kuti musadandaule."

Amayi anali akuyang'ana kutsogolo, dzanja lili m'thumba la juzi.

"Ine ndaika mwamuna m'manda," anatero. "Unkayesa mawu akuti ayi akanandipha? Aneba anapempha ndi pakamwa pawo. Ukanangonena zoona pakhomo paja, bwenzi pano kali pakhonde pawo, kakumwa madzi."

Chabwino anatsegula pakamwa. Mawu amene anazolowera anafika pa lilime, koma ulendo uno anawameza.