Ndalama ya Mphalapala

A Isake Chimphepo anaphunzitsa zaka makumi atatu m'masukulu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo atapuma ntchito anakhazikika kwawo, kufupi ndi Malomo. Kuyambira ali mnyamata ankatolera ndalama zachitsulo zakale. Anali nazo zopitirira makumi asanu: makobidi obowola pakati, matiki, masheleni a nthawi ya chitaganya, iliyonse m'kaenvulopu kakekake. Analinso ndi buku la mitengo ya ndalama zotere, limene anawasiyira m'busa wina wachizungu pobwerera kwawo. M'mudzimo munalibe amene ankasamalako. Ngakhale akazi awo, a Tabita, ankangoti ndi ndalama zakufa.

Msuweni wawo, a Kalebe, ankakhala kutsidya kwa dambo. Iwowa sukulu analekezera Sitandade 2, n'kupita ku Halale, kumene anaphikira banja lina la azungu zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anabwerera mu 1980 n'kuyamba kulima fodya ndi chimanga ngati wina aliyense.

Chaka cha 1995, zipani zitachuluka, kwacha inagwa ndipo feteleza anakwera mtengo moti anthu ankangomuyang'ana m'sitolo n'kutuluka. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala a Kalebe anaimika njinga pabwalo pa a Isake.

"Asuweni, mawa mudzafike kwathu. Pali zinyalala zina zoti mukandionere."

"Zinyalala zotani?"

"Ndalama zakufa ngati zanuzi. Pamsika pabwera munthu wa ku Lilongwe, akugula zakale poyeza pasikelo. Akuti zangazo andipatsa ya thumba limodzi la feteleza. Ndati ndiyambe ndamva kwa aphunzitsi."

A Isake anapita m'mawa mwake, buku lili m'khwapa, galasi lokulitsa zinthu lili m'thumba la jekete. Ankayembekeza kachitini ka makobidi adzimbiri. Koma a Kalebe anatulutsa pakhonde bokosi lamatabwa okongola, lafumbi lokhalokha, lokhala ndi timadilowa tisanu ndi kamodzi. Atakoka koyamba, a Isake anaona ndalama zitandandalikidwa pansalu yobiriwira, iliyonse m'kadzenje kake, zambiri zikuwala ngati zangotuluka kumene.

"Mwazitenga kuti izi?"

"Bwana wanga ndiye ankasunga. Atamwalira, adona anagulitsa nyumba. Ine ndimati andipatsa ya penshoni, iwo n'kundinyamulitsa bokosili. Ndinatsala pang'ono kulitaya pa Mwanza."

"Ndiye zaka zonsezi linali kuti?"

"Pamwamba pa kabati. Nthawi ina nkhuku inkaikirapo mazira."

A Isake anayang'anitsitsa ndalamazo. Iwo anayenda m'misika ndi m'midzi zaka zambirimbiri, kupempha azigogo kuti apisepise m'mipango yawo, kulipira ndi kamalipiro ka uphunzitsi, kuti apeze ndalama makumi asanu zofufutika. Munthu amene sankatha n'kuwerenga komwe mawu olembedwa pandalamazo anali nazo zoposa mazana awiri, ndipo ankaikiritsapo nkhuku. Mtima unawawawa ngati awabera.

Anayamba ntchito. Ankanyamula iliyonse m'mbali mwake, kuyang'ana chaka, kuona ngati mutu wa mfumu wafufutika, kenako n'kufufuza m'buku. Zambiri zinali zabwino koma zosasowa. Atafika pa kadilowa kachinayi anapeza ndalama ya masheleni awiri ya ku Halale, yokhala ndi chithunzi cha mphalapala. Pagalasi chaka chinaoneka bwinobwino: 1946. A Isake sanafunikire n'kutsegula komwe buku. Tsamba limenelo analiloweza kalekale. Za chaka chimenecho n'zosowa kwambiri, ndipo iyi inalibe ndi kachipsera komwe. Yokhayo inkaposa bokosi lonselo.

Anaibwezera m'kadzenje kake msangamsanga. A Kalebe sanaone kanthu. Anali kalikiliki kupopa njinga.

"Nanga, aphunzitsi?"

"Wa sikeloyo musamugulitse," anatero a Isake, maso ali pansi. "Ine ndikupatsani ya matumba anayi. Bokosi lonse."

"Anayi! Ndiye kuti chaka chino ndalima." A Kalebe anawomba m'manja, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Anakhala pampando n'kupukusa mutu. "Komabe taonani, asuweni. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, kudzuka m'mamawa, kulera ana awo mpaka kukwatira. Zonsezo matumba anayi. Ndinkadzinamiza kuti mwina adona aja anandipatsa chinthu cha nzeru, ine n'kukhala wosadziwa. Koma inu ndi wa sikelo uja mwanena zofanana. Ndi zitsulo basi."

Mawuwo anawalasa a Isake pawiri. Anamumvera chisoni msuweni wawoyo, inde. Koma chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti awaika pamodzi ndi munthu woyeza ndalama pasikelo ngati mtedza. Moyo wawo wonse ankadikira tsiku loti adzagwire ndalama imeneyi, n'kuuza wina chimene ili. Akanaigula mwakachetechete akanaibisa mpaka imfa, chifukwa kungoionetsa, nkhani ikanafika kutsidya kwa dambo.

Anakokanso kadilowa kachinayi.

"A Kalebe, ndakunamizani. Matumba anayi ndi a zinazi. Iyi ndi ina."

Anatsegula buku, n'kuwalozera chithunzi ndi mtengo wake m'mapaundi. Anafotokoza za chaka, za siliva, za nyanga za mphalapala zimene zinali zisanafufutike ngakhale pang'ono. Analankhula nthawi yaitali, mawu akukwera ngati ali m'kalasi.

"Mungondiuza m'matumba," anatero a Kalebe.

"Bukuli ndi lakale, mwina mtengo unakweranso. Koma sangachepere khumi ndi asanu. Kwa munthu woidziwa, ku Lilongwe kapena kunja."

"Kandalama kamodzi?"

"Kamodzi. Ine ndalama zotero ndilibe. Koma ndili ndi ng'ombe yaikazi ija ndi mwana wake. Tengani zonse ziwiri. Mtengo wake ufika pamenepo, sindikukudyerani."

A Kalebe anaiika ndalamayo pachikhatho n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anadzaza misozi.

"Ndiye kuti adona aja ankadziwa," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndawatukwana zaka khumi ndi zisanu."

"Mwina ankadziwa, mwina ayi. Nanga za ng'ombezo mukuti bwanji?"

"Ayi, asuweni. Zinazi tengani pa matumba anayi aja, bokosi lomwe. Iyi sindigulitsa."

"Muchita nayo chiyani? Simukudziwa n'kagwiridwe kake komwe! Taonani mmene mwaifumbatira ndi thukuta."

"Mundiphunzitsa inu," anatero a Kalebe, akumwetulira.

A Isake anabwerera kwawo bokosi atalimanga pakaliyala. A Tabita atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Bambo a Susana, mwabwera ndi ndalama mazana awiri, koma nkhope ngati mwachokera kumaliro. Ng'ombe zanga zapulumuka, ine ndikuthokoza Mulungu."

Masabata otsatira a Isake ankakhala pakhonde n'kumasanja ndalama zawo zatsopano. Zinali zokongola, zoposa chilichonse chimene ankalota. Koma maso ankangothamangira pa kadzenje kopanda kanthu m'kadilowa kachinayi.

Mbiri inawanda. A Kalebe anasoketsa kathumba kachikopa, ndipo tsiku la msika ankakhala pa tiirumu ya pa Malomo, anthu atawazungulira, akudikira kuti aone kandalama koposa ng'ombe. Ena ankachokera ku Bowe ndi kwa Dzoole atanyamula makobidi a makolo awo kuti a Kalebe awauze mtengo. Iwo ankawatembenuza mwaukatswiri, n'kunena kuti, "Ichi n'chitsulo chabe." A Isake akamadutsa ankamva zimenezi, n'kupalasa njinga mwamphamvu osapereka moni.

Kenako mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale, kumene a Isake anaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi popanda wina kuwafunsapo za ndalama zawo, anaitana a Kalebe kuti akaonetse ana a Sitandade 8. A Kalebe anabwera kudzapempha msuweni wawo kuti apitire limodzi.

"Mwendo ukundivuta," anatero a Isake.

"Chabwino. Ndikawauza ndekha kuti ndi ya golide woyera, ya nthawi ya Ajeremani."

"Golide woyera! Ajeremani a kuti?"

Tsikulo a Isake anafika pasukulu a Kalebe asanafike, atavala tayi. Analankhula ola lathunthu, ndipo analankhula bwino. Ana anamvetsera. Koma atamaliza, onse anakaima pamzere kutsogolo kwa a Kalebe kuti aone mphalapala, ndipo pothokoza, mphunzitsi wamkulu anatchula a Kalebe koyamba, n'kuwonjezera kuti "ndi anzawo amene anawaperekeza."

Pobwerera ankakankha njinga pachitunda, onse akupuma mwawefuwefu.

"Pa ng'ombe zija ndiwonjezerapo ngolo," anatero a Isake.

"Asuweni, ngakhale muwonjezere a Tabita. Ndalonjeza kale Rute, mwana wanga wa unesi uja. Ndikadzafa ndi yake."

Anayendera limodzi mpaka pamphambano, pamene anasiyana. Sabata yomweyo a Isake anathyola mango dengu lonse, n'kukwera minibasi kupita kuchipatala kumene Rute ankagwira ntchito, kukamuona mwana wa msuweni wawo, amene anali asanamuyenderepo chiyambire.