Kachingwe Kakhale Kunja

1.
Kachingwe kakhale kunja.

Anatero a Lufeyo ali chilili pamchenga wouma, manja kumbuyo ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Mkazi wawo Etinala anali atakhala kale m'kayaki, kabwato kachikasu ka alendo a pa loji, atavala siketi ya labala yothina m'chiuno, imene mphepete mwake amaikoleka kuzungulira mlomo wa bwato kuti madzi asalowe. Siketi imeneyi ikagwira imagwiradi. Bwato likatembenuka munthu umakhala chadodolido pansi pa madzi, womangika, ndipo chokumasula ndi kachingwe kofiira ka kutsogolo kwake.

Ndamva, bambo a Tiyese.
Nenaninso.
Kakhale kunja.

2.
Zimene Etinala wapisira m'kati pa moyo wake:
nsalu za pabedi za alendo, ngodya zonse zinayi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
maneti a udzudzu, kunsi kwa matiresi
malaya a mwana wake Tiyese, m'mawa uliwonse mpaka Fomu 4
malaya a amuna ake, pakhomo la tchalitchi
mawu ambirimbiri
kachingwe kofiira, kamodzi kokha

3.
Unali mwezi wa Juni, a Lufeyo chala chili m'bandeji, alendo anayi oti awaperekeze ku chilumba akudikira kale pamadzi, ndiye anati mayi a Tiyese tandikolekerani siketiyi, iye nakoleka bwinobwino monga amayalira bedi, naona kachingwe kali lendelende, nati mumtima za uve zimenezi pamaso pa alendo ayi, nakapisira m'kati, nasalaza ndi chikhatho, nawasisita paphewa, iwo osayang'ana poti maso anali ku mitambo, ndipo kuseri kwa chilumba mwera unawapeza, funde limodzi lokha bwato gubudu, dzanja kupapasa pamene lakhala likupapasa zaka khumi osapezapo kanthu, kupapasanso, kumwa madzi, kupapasanso, mpaka bondo linakankha lokha siketi n'kusomoka, alendo n'kuwakokera pamwala akusanza nyanja

4.
Sanamukalipire. Bola akanamukalipira.

Chichokereni tsiku limenelo a Lufeyo sanapondenso m'nyanja. Ankatsuka makayaki pa kapinga ndi paipi, n'kumakonza nkhafi zosathyoka. Munthu wobadwira m'bwato anayamba kusamba m'beseni. Bwana wa loji, munthu wosafuna kuchimwira anzake, anapirira miyezi iwiri, kenako ananena mofatsa kuti alendo a mu Okutobala adzafuna wowaperekeza, ndipo ngati si a Lufeyo adzakhala wina.

Etinala anamva ali m'chipinda nambala sikisi, pilo m'manja. Mtima unamupweteka. Ankadziwa kuti amene anawalanda nyanja amuna ake si mwera, ndi ukhondo wake.

5.
Mundiphunzitse.
Chiyani?
Kutuluka m'chibwato chanucho chikatembenuka.
Inu? A ku Dedza inu, odziwana ndi madzi a mu ndowa okha?
Safunsa anadya phula, bambo a Tiyese. Ine ndinadya kale. Lero ndikufunsa.
Ine m'madzi sindilowa.
Ndani wati mulowe? Muzikuwa muli pamtunda. Kukuwa ndiye mumatha.

6.
Musachite phuma, madzi sakuthamangitsani. Weramani, mphuno pafupi ndi bwato. Menyani bwato katatu kuti anzanu amve. Maso alibe ntchito kumeneko, manja ndiwo ayende ndi mlomo wa bwato kuchokera m'chiuno mpaka kutsogolo. Kachingwe. Kakankhireni kutsogolo kaye, kenako kokerani kwa inu. Mukatero manja m'mbali, dzikankheni ngati mukuvula buluku lothina.

Ine buluku sindinavalepo.
Lero muvula lomwe simunavale.

Kachingwe kakhale kunja.

7.
Sikisi koloko m'mawa uliwonse, alendo asanadzuke, Etinala ankapalasa pang'ono mpaka pamene madzi amafika munthu m'chifuwa, n'kupendekeka dala. Gubudu.

Ndiye kuchedwa kwake! Bwato linkakhala chafufumimba, madzi n'kukhazikika, a Lufeyo n'kuwerenga mokweza mpaka makumi awiri. Kenako mutu unkavuuka, duku lili pa khutu, mwini wake akutsokomola ngati wankhuli ya fodya.

Ndinakasowa kachingwe kaja.
Kali pomwe munakasiya!
Manja anga ndi opusa, bambo a Tiyese.

Ophika a pa loji ankaseka pa zenera la khitchini. Ankati mayi uyu mutu wake ngwouma, ngakhale madzi alephera kuufewetsa. A Lufeyo sankaseka. Bwato likangotembenuka miyendo yawo inkayamba kuyenda yokha, iwo osadziwa.

Sabata yoyamba, zala za kumapazi.
Yachiwiri, akakolo.
Yachitatu, mawondo, buluku osapinda n'komwe.
Yachinayi, chiuno.

8.
Ine madzi sindiwaopa, mayi a Tiyese. Ndimaopa dzanja langali. Linapita pamene limadziwa, silinapeze kanthu, basi nzeru zonse zinandithawa. Zaka khumi ndikuuza alendo kuti kachingwe kakasowa tsinani siketi cha m'mbali, pafupi ndi chiuno, pamene ili yofewa, mukoke. Ineyo ndinaiwala. Ndiponso woyang'ana kachingwe asananyamuke ndi mwini bwato. Wolakwa ndine.

Etinala ankayanika siketi pa chingwe kuseri kwa sitolo ya nkhafi, iwo akulankhula atam'fulatira. Etinala anafuna kunena kuti pepani, koma mawuwo anali atawanena kale kambiri mpaka anatha mchere. Anangowachotsa kaudzu kamene kanali pa kolala yawo.

Mwatsala ndi masiku atatu Okutobala asanafike, anatero Etinala.
Ndikudziwa.

9.
Gubudu.

Pansi pa madzi pali zii. Etinala wawerama, wamenya bwato katatu, manja ayenda okha ndi mlomo wa bwato, ndipo kachingwe kali kale m'dzanja a Lufeyo asanawerenge ndi zitatu zomwe. Kamakhala m'dzanja chomwechi kuyambira tsiku loyamba. Munthu woyala mabedi makumi awiri asanamwe tiyi sangasowe kachingwe kamodzi.

Sakoka.

Amadikira, chifuwa chikutentha, magazi akuthamangira kumutu, maso ali tong'o pa miyendo iwiri yoonda imene ikubwera pamchenga. Mantha ali nawo, tsiku lililonse amakhala nawo. Koma amawerenga mapazi. Dzulo anali asanu ndi awiri. Lero asanu ndi atatu, asanu ndi anayi, khumi, ndipo miyendo ija yaima pambali pa bwato, yapindika.

Nkhope.

A Lufeyo amira, ndevu ndi imvi zomwe, maso otsegula, koyamba chichokereni Juni. Dzanja lawo likuthamangira kutsogolo kwa siketi kuti limupulumutse, ndipo likupeza dzanja lina lili pomwepo, litafumbata kachingwe zolimba.

Akuyang'anana, wina mutu pansi, wina mutu m'mwamba. Thovu likutuluka m'kamwa mwa a Lufeyo. Kaya akuseka kaya akulira, m'madzi sungadziwe. Aika dzanja lawo pamwamba pa lake. Kutsogolo kaye, kenako kwa iye.

Avuuka onse awiri, wefuwefu, atagwirana malaya.

Mwezi wathunthu, mayi a Tiyese? Mukadafa nazo zimenezi!
Inunso mumachedwa kubwera.

A Lufeyo apukuta kumaso, ayang'ana ku chilumba, ayang'ananso mkazi wawo amene mano ali gwedegwede ndi kuzizira.

Tavulani siketiyo, akutero. Ndi yanga.