Mbale Yosasintha Mtundu

Mphindi makumi awiri zinatha, koma mbale ija inali idakali mbee. Kadokotala anaisuzumira pamwamba, anaikweza pawindo, anaigwedeza pang'ono. M'timaenje take tonse munali madzi oyera ngati a pampopi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Kadokotala," anatero Malume, mkulu wosamalira labu, uku akupukuta mabotolo. Dzinali anamupatsa ndi iwowo, poti mtsikanayu digiri anali asanamalize koma kuyenda kwake kunali kwa munthu womaliza.

Tsikuli Kadokotala sanaseke. M'mbalemo munali magazi a makanda makumi anayi obadwa masiku asanakwane, omwe anatolera kwa miyezi isanu ndi itatu, mwana aliyense timadontho towerengeka. Ankafufuza puloteni imene imakulitsa asilikali a m'thupi. Mankhwala oizindikira, otchedwa antibodi, akaigwira puloteniyo, madzi amayenera kusanduka buluu. Koma ngakhale timaenje tomwe anathiramo dala puloteni yogula sitinasinthe. Ndipo magaziwo anali omaliza, mufiriji simunatsale ndi dontho lomwe.

Anawerenga buku lake mzere ndi mzere, osapeza pomwe analumpha. Kenaka maso ake anagwera pa botolo lalikulu.

"Malume, madzi otsukira mbalewa ndi aja ndinasakaniza Lolemba?"

"Omwewo, mwanangu. Kungoti ndinakukonzera pang'ono."

"Kukonza bwanji?"

"Kutentha kwake konseku akanachita chuku. Ndinathiramo kaufa kaja koletsa kuola. Ine zaka makumi atatu muno, botolo langa silinanunkhepo."

Ananena monyadira, mkulu wa anthu. Kaufa kameneko kamapha mankhwala obweretsa mtundu wa buluu. Mayeso akale omwe Malume anazolowera analibe nako vuto, koma awa ayi.

Kadokotala atawafotokozera, Malume anakhala pampando pang'onopang'ono, kansalu kali m'manja.

"Chifundo chidaphadi nkhwali," anatero motsitsa mawu. "Sitingatsukenso?"

Anayesa. Anasakaniza madzi atsopano, anatsuka katatu, anathiranso mankhwala n'kudikira, awiriwo ataweramira mbale ngati anthu odikira wodwala kuti atsegule maso. Palibe chinachitika.

"Ndiye titengenso magazi ena. Ndipita ndekha kukagwada ku wodi."

"Kwa ndani, Malume? Amene anatuluka akula, magazi awo asintha. Asanu ndi mmodzi anatisiya."

Ankafuna kukalipa, koma akanamukalipira ndani? Munthu amene ankamusungira kiyi, amene anamuphunzitsa kugwira chubu osanjenjemera? Nayenso botololo sanaliyese asanayambe. Mkwiyo unasowa kolowera.

Foni inalira m'thumba la gauni yake. Ataona nambala, analakalaka pansi patang'ambika. Anali mayi wina amene mwana wake anamwalira ali ndi masiku khumi. Mayiyu ankaimba mwezi uliwonse, ndipo Kadokotala anali atamuuza kuti ayimbe lero masana.

"Musayankhe," anatero Malume. "Kapena muuzeni kuti makina avuta."

Kadokotala anavula magolovesi n'kuyankha.

"Adokotala, pepani kukuvutitsani," anatero mayi uja. "Ndimati ndimve. Magazi a mwana wanga aja anena chiyani? Athandizako ena?"

Malume anaphimba nkhope ndi kansalu.

"Mayi," anatero Kadokotala, "sananene kanthu. Ndawaononga ndine."



"Chabwino," anatero mayiyo. "Ndiye kuti sindiimbanso."